Asiyeni ajambule, bola ayambe apempha

Chiyambire pamene nyanja inakwera mu 2024 n'kumiza mchenga, mipanda ndi malo ena ogona alendo ku Senga Bay, pali mkangano umene sukuzilala kuno ku Salima. Umabuka m'minibasi yochokera pa Kamuzu Road, umabuka pa bawo, umabukanso m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi a kumzikiti. Nkhani yake ndi ya achinyamata amene akuyendayenda foni ili m'manja, kujambula chilichonse chimene aona: alovi akukoka khoka, amayi akuyanika usipa pathandala, wakabaza atanyamula matumba a mpunga, nyumba imene madzi anafika pawindo. Akuluakulu ambiri akuti kumeneku n'kusowa chochita, ena akuti n'kuyalutsa dera. Ine ndili kumbali ya achinyamatawo. Kujambula moyo wathu wa tsiku ndi tsiku, monga momwe ulili, ndi ntchito imene takhala tikusiyira alendo kwa zaka zoposa 100, ndipo mwana amene waiyamba sitiyenera kumulanda foni. Tiyenera kumuphunzitsa kuigwira mwaulemu.

Ndiyambe ndi chimene chinandifikitsa pa maganizo amenewa. Mayi anga atamwalira tinafunafuna chithunzi choti tiike pa pepala la mwambo wa maliro, ndipo m'nyumba monse tinapeza ziwiri zokha. China chinali cha pa chiphaso cha unzika, chimene anajambulitsa mu 2017 pamene boma linkalembetsa anthu dziko lonse: nkhope ili gwa, maso ali tong'o ngati munthu woyankha mlandu. China chinali cha pa ukwati wa mchemwali wanga, atavala diresi lobwereka ndi nsapato zimene zinkawaluma tsiku lonse. Mayi amene ndinkawadziwa ine sali pa zithunzi ziwirizo. Iwo ankadzuka tambala woyamba, kumanga chitenje chakale m'chiuno, kupita kudoko kukadikira mabwato, ndipo pofika masana manja awo ankanyezimira ndi mamba. Kwa zaka zonsezo palibe amene anaganiza zowajambula ali pantchito imeneyo, ngakhale ine ndemwe, chifukwa tinakula tikudziwa kuti chithunzi n'cha tsiku losamba ndi kudzola. Wojambula akatulukira panjinga, kamera ili lende m'khosi, tinkathamangira m'nyumba kukasintha, kuima pafupi ndi maluwa kapena kugwirizira wailesi ya aneba, kenako n'kudikira masabata awiri kuti akatsuke. Filimu imodzi inkatulutsa zithunzi 36, ndiye ndani akanawononga chimodzi pa mayi wa mamba m'manja? Lero adzukulu awo akandifunsa kuti agogo ankagwira ntchito yanji, ndimangofotokoza pakamwa, iwo n'kumangogwedeza mutu.

Kusowa kumeneku si kwa banja lathu lokha. Amene anaonako zithunzi zakale za dziko lino, kaya ku National Archives ku Zomba kapena ku Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, akudziwa kuti zambiri zinajambulidwa ndi amishoni, atsamunda ndi eni maesiteti. Iwowo ndi amene ankasankha choti chioneke, ndipo makolo athu amaoneka ataima pamzere kumbuyo kwa bwana, kawirikawiri opanda ndi dzina lomwe. Ku Nkhotakota anthu amapita kukajambulitsa pansi pa mkuyu umene umakumbutsa za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe mu 1863, koma moyo wa anthu wamba a ku Linga, ku Nkhotakota komweko, a nthawi imeneyo, mmene ankaphikira, mmene ankasokera maukonde, unapita nawo kumanda. Yerekezani ndi John Chilembwe. Iye anajambulitsa yekha, anajambulitsa ndi banja lake, ndipo n'chifukwa chake patatha zaka zoposa 100 chichitikire nkhondo ya mu 1915, mwana wa pulayimale amaidziwa nkhope yake pa ndalama ya K500 ndi ya K2000. Choncho pamene mnyamata wa ku Lifuwu akujambula amayi ake akupuntha mpunga, akutseka dzenje limene lakhala lili yasa kuyambira kale.

Tsopano ndimve amene akutsutsa, chifukwa si anthu opanda nzeru. Oyamba akuti chithunzi sadyera nsima. Akuti ntchito kulibe, ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bandulo yakwera, ndiye mwana wamkulumkulu azingoyenda m'mbali mwa nyanja kujambula mbalame m'malo mokapalira kapena kukagwira ganyu? Dandaulo limeneli ndikulimva, ndipo mwana amene wathawa khasu ponamizira kamera ayenera kudzudzulidwa ndithu. Koma tifunse moona mtima kuti nthawi imene akujambulayo akanakhala akutani. Ambiri mwa anzake amakhala ali m'kanyumba koonetsera mpira wa ku England, kapena akubetcha pa foni yomweyo, ndipo za amenewo m'minibasi simumveka phokoso. Chimene ndaona ine n'chakuti kujambula, munthu akakulowa ndi mtima wonse, kumamusintha khalidwe, ndipo umboni wanga uli m'nyumba mwanga momwe.

Mwana wa mchemwali wanga analemba mayeso a Fomu 4, sanapeze malo kulikonse, ndipo kwa chaka chathunthu ankadzuka dzuwa lili pamutu. Ali ndi kafoni ka Itel kong'aluka pakona. Atayamba kujambula, zithunzi zake zoyamba zinali zomvetsa chisoni: anthu onse akuda bii ngati zitsa, kumbuyo kwawo nyanja ili mbee. Anabwera kwa ine n'kunena kuti, "Amalume, foniyi ndi yakutha." Foni inalibe mlandu. Kuno kwathu nyanja ili kum'mawa, ndiye ukaima pamtunda m'mawa n'kuloza kumadzi, dzuwa limakhala kumbuyo kwa munthu amene ukumujambulayo ndipo nkhope yake imamira mumdima. Anazitulukira yekha patapita masabata: kuti m'mawa uyenera kulowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kufulatira nyanja kuti kuwala kugwere pankhope za okoka khoka, kuti madzulo ndiye nthawi yoloza kunyanja uli pamtunda, kuti masana dzuwa lili paliwombo maso a munthu amasanduka mapanga ndipo ndi bwino kumuimika pamthunzi wa mtengo wa mango. Anaphunzira kupukuta kagalasi ka kamera ndi malaya asanajambule, ndi kudina pankhope ya munthu kuti foni iwerengere kuwala kwa khungu lakuda osati kwa mitambo. Izi zikuoneka zazing'ono, koma kuti azidziwe anayamba kudzuka 4 koloko. Lero amadziwa kuti mwezi ukawala kwambiri nyali za asiginala, asodzi owunikira nsomba usiku, sizikoka usipa ndipo kudoko kumakhala zii. Amadziwa kununkhira kwa mwera usanafike. Amatha kukhala pa bwato lofulatira kwa ola lathunthu kudikira kuti nkhungu, tizilombo touluka tija, zikwere ngati utsi pakati pa nyanja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinalephera kumuphunzitsa kudekha kumeneko ndi pakamwa kwa zaka 20. Tindalama nato tayamba kubwera, chifukwa amayi ogulitsa usipa ndi mpunga kwa makasitomala a ku Lilongwe amamuitana kuti awajambulire katundu wotumiza pa WhatsApp. Koma sindikufuna kuimika mfundo yanga pa tindalama timeneto. Ngakhale akanapanda kupezapo tambala, mnyamata amene waphunzira kudzuka, kudikira ndi kupenyetsetsa ndi wosiyana ndi uja wa chaka chatha.

Gulu lachiwiri lili ndi mfundo yolemera kuposa pamenepa. Iwo akuti zithunzi zimenezi zikutichotsa ulemu. Akuti tatopa kuona dziko lathu likuimiridwa ndi mwana wamamina, nyumba yaudzu yopendekeka ndi mayi wosenza ndowa, ndipo tsopano ana athu omwe ayamba kufalitsa umphawi wathu pa Facebook kuti dziko lonse litiseke. Mkwiyo umenewu uli ndi pochokera. Tonse tinaonapo galimoto yoyera itaima pamudzi, mlendo n'kutsika, kudutsa nyumba zamalata zonse, kukasankha yogumuka kwambiri, kujambula n'kubwerera osatsanzika. Komabe tikalingalira bwino, chimene chimapweteka pa chithunzi chotere si thandala kapena ndowa. Chimapweteka n'chakuti wojambulayo anabwera ndi nkhani yake kale m'thumba, ndipo anangofuna nkhope yoti aimatepo. Mankhwala ake sangakhale kuleka kujambula, chifukwa tikaleka ife, galimoto yoyera ija sileka, ndipo zithunzi zake ndi zokhazo zimene zidzatsale. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa zithunzi zojambulidwa ndi munthu wa pamudzi pomwepo, amene akudziwa kuti mayi wosenza ndowayo ndi msungichuma wa banki m'khonde, kuti amaseka mpaka kugwetsa misozi, ndiponso kuti Loweruka amavina chimtali kuposa atsikana. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Malick Sidibé ankajambula achinyamata a m'tauni yake m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ali kumadansi ndiponso akusewera m'mbali mwa mtsinje wa Niger. Sanabise kuti anali anthu wamba, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito imeneyo. Dziko linaona Mali kudzera m'maso a mwana wa ku Mali.

Ndiwonjezere apa kuti manyazi amenewa nthawi zina amatipusitsa. Timafuna kuti Salima aoneke ngati kapepala koitanira alendo: mchenga wopanda phazi la munthu, dzuwa likutuluka, mpando wopanda wokhalapo. Pamene njovu pafupifupi 500 zinkasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zinajambulidwa kuchokera kumwamba ndi pansi, ndipo dziko lonse linaziona. Zinali bwino, sindikudandaula za njovu. Koma anthu a m'midzi yoyandikana ndi mpanda wa nkhalangoyo, amene amagona ndi kudzuka moyang'anizana ndi njovuzo, ndi angati amene tinawaona nkhope? Ngati tikuvomereza kuti njovu ndi mchenga ndi zoyenera kamera koma mayi wa pathandala ndi wochititsa manyazi, ndiye kuti amene tikuchita naye manyazi ndi mayiyo, osati chithunzi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo tisaiwale kuti madzi atasefukira ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, ambiri a ife tinadziwa kukula kwa tsokalo kudzera m'timafoni ta achinyamata omwewa. Chithunzi cha khoma losonyeza pamene madzi anafika chidzathandiza munthu amene adzafune kumanga pamalo omwewo zaka 15 zikubwerazi, pamene aliyense adzakhale akulumbira kuti nyanja sinafikepo pamenepo.

Pali mfundo yachitatu, ndipo pa imeneyi ndikuvomera kugonja theka. Akuti ana awa alibe mwambo: amajambula munthu osamupempha, amajambula ngozi ya pamsewu wa M5 anthu ali magazi chuchuchu, mpaka mayi amamva za imfa ya mwana wake poona mtembo pa foni ya mnzake. Zimenezi n'zoona ndipo n'zonyansa. Wojambula mtembo wa mwini n'kuufalitsa sakuchita luso lililonse, waiwala chabe kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimodzimodzi amene amaloza foni kumalo kumene amayi amasamba, kapena amene amazemberera kudambwe kuti akajambule zimene eni Gule Wamkulu sanalole kuti zioneke. Ndipo pano sindikulankhula ngati munthu woyera m'manja. Tsiku lina kudoko ndinaona mayi wina wachikulire akutembenuza usipa pathandala, dzuwa la m'mawa likuwomba nsombazo mpaka kuoneka ngati ndalama zasiliva. Anandikumbutsa mayi anga. Ndinatulutsa foni mwakachetechete n'kujambula. Iwo anatukula mutu, nandiyang'ana osaphethira, n'kunena kuti, "Bambo, mwandipempha? Kapena mukufuna mukandigulitse kwa azungu?" Anthu onse a pamathandala oyandikana anasiya ntchito. Ndinayesa kufotokoza za malemu mayi anga, koma mawu ankangokakamira kukhosi, chifukwa ndinkadziwa kuti ndachita ndendende zimene amachita a galimoto yoyera aja. Ndinapepesa, ndinafufuta iwo akuona, n'kuchoka mutu uli pansi.

Nanga tsono, popeza cholakwacho chilipo, tiletse? Apa ndiye ndikusiyana nawo. Ife a ku Salima tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe cha mmene timachitira ndi chinthu chabwino chimene anthu angachiwononge. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira mu December mpaka cha mu April, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Makolo aja ataona kuti asodzi angamalize nsomba, sanawotche mabwato. Anaika nthawi ndi malamulo, ndipo mpaka lero anthu amachokera kutali kudzaphunzira za Mbenji. Kamera nayo ikufuna malamulo ake, ndipo si ovuta: upereke moni, upemphe, ukajambula umuonetse mwiniwake, akakana ufufute osanyinyirika, mwana wamng'ono upemphe kwa makolo ake, ndipo pamaliro ndi pangozi foni ikhale m'thumba pokhapokha eni ake atakutuma. Amene angaphunzitse zimenezi ndi akuluakulu omwe akudandaulawo. Koma sungaphunzitse mwana mwambo wa chinthu chimene wamuuza kale kuti n'chachabechabe. Adzangopitiriza mobisa, ndipo kujambula mobisa ndi kumene kwabala zonyansa zonsezi.

Otsiriza ndi ojambula akale, aja a panjinga, amene akuti mafoni anapha ntchito yawo ndipo tsopano aliyense akudzitcha katswiri. Chisoni chawo ndikuchimva, koma mtsinje umenewo sungabwerere kumtunda; ngakhale kampani ya Kodak, imene inkapanga mafilimu awo, inagwa ndi ngongole mu 2012. Ndikugwirizana nawo pa chinthu chimodzi chokha, chimene amachinena mwa nthabwala: kuti theka la zithunzi za masiku ano ndi munthu kudzijambula yekha milomo ili tswii, kenako foni n'kumuyeretsa khungu mpaka agogo ake osamuzindikira. Kumeneko ndi kuvala diresi lobwereka lija mwa njira ina, ndipo si kujambula kumene ndikukuikira kumbuyo.

Koma pali chinthu chimene ojambula akalewa anali nacho chomwe achinyamata alibe, ndipo chodabwitsa n'chakuti mu mkangano wonsewu palibe amene akuchitchula. Zithunzi zawo zilipo mpaka lero. Zathu sizikhala. Mphwanga uja, mwana wa mchemwali wanga, anataya zithunzi za miyezi isanu ndi itatu tsiku limodzi, foni itaterereka m'thumba la malaya pamene ankathandiza kukankha bwato. Zimene anaika pa status ya WhatsApp zinafufutika patatha maola 24, monga mwa masiku onse. Zochepa zimene anatumizira anzake zinapezeka, koma WhatsApp imafinya chithunzi pochitumiza, ndiye atapita nazo kukatsukitsa zinatuluka zosaoneka bwino ngati zajambulidwa m'chifunga. Anaphunzira mochedwa kuti chithunzi chofunika umachitumiza ngati document kuti chisafinyike. Tikhoza kudzapezeka kuti m'badwo umene wajambula kwambiri m'mbiri yonse ya dziko lino ndi umene udzasiyire adzukulu ake chimanjamanja, kuposa mayi anga amene anasiya ziwiri. Choncho ngati akuluakulu akufuna pokalipira, akalipire apa. Mwezi uliwonse mwana asankhe zithunzi zitatu kapena zisanu, apite nazo ku situdiyo zimene zatsala zija zojambula za ziphaso, akatsukitse, alembe kumbuyo dzina la munthu, malo ndi chaka, aike mu envelopu pamodzi ndi makadi a kusikelo. Potero ojambula akale aja apezapo kangachepe.

Kwa mayi a pathandala aja ndinabwererako patapita mwezi, ulendo uno ndi mphwanga. Tinapereka moni, tinagula usipa wa mbale imodzi, kenako mnyamatayo anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Agogo, ngati mungalole, timafuna tikujambuleni muli pantchito yanu. Chithunzicho tidzakubweretserani." Anatiyang'ana nthawi yaitali, ine makamaka. Kenako anati tidikire akasinthe chitenje. Mphwanga anawachonderera kuti akhale momwemo, iwo anakana, ndipo titakambirana tinagwirizana zojambula ziwiri: china atavala chitenje chatsopano ndi duku, ataima njo pafupi ndi thandala, china atawerama akutembenuza nsomba ndi zovala zawo za masiku onse. Tinatsukitsa zonse ziwiri n'kukawapatsa Lachisanu lotsatira. Cha chitenje chatsopano anachikonda, ndipo ndamva kuti anachipachika pabalaza. Chinacho anangochiyang'ana kamodzi n'kuseka, amvekere, "Ichi ndiye mwandikalambitsa." Mwana wawo wamkazi, amene amagulitsa nawo pathandala loyandikana, anapukuta manja pachitenje, anachitenga n'kuchiyang'anitsitsa osalankhula kanthu, kenako anachikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuchiika m'kachikwama kake ka ndalama.